Usiku umene ana anakuwa kuti "Ayaka!"

Ku Chiputula kumene ndimakhala, magetsi akabwera pambuyo pa mdima wa tsiku lonse, ana amakuwa kuchokera kumtunda mpaka kudambo: "Ayakaaa!" Amayi amathamangira kukatereka madzi, anyamata kukatchaja mafoni. Kale nanenso ndinkakuwa nawo. Masiku ano ndikamva mfuwu umenewo m'mimba mumandizizira, ndipo maso anga amathamangira pa manja a aliyense amene ndayandikana naye, ngakhale tili pakhonde tikungosenda mbatata.

Ndagwira ntchito ya buledi zaka 14, ndipo zaka 6 mwa zimenezi ndinali kapitawo wa shifiti ya usiku pa bekale ina kuno ku Mzuzu. Dzina lake sinditchula. Ngakhale ndikanatchula sizikanakuthandizani, chifukwa zimene ndifotokoze pano mukazipeza pa chigayo, pa butchala ndi pa makina oyenga mafuta a mpendadzuwa omwe.

Mwana wa mlongo wanga

Mnyamata amene anavulala pa makina a pa bekale imeneyi ndi mwana wa mlongo wanga. Ndine ndinamuitanitsa kuchokera kwathu ku Dowa atalemba mayeso a MSCE n'kukhala pakhomo osaona kolowera. Mlongo wanga anandiimbira foni nati, "Achimwene, mbumba ndi yanu iyi. Mwanayu akangokhala kuno ayamba kachasu." Ndinamutumizira ya basi, anabwera ndi kachikwama kamodzi ndi jekete lopyapyala lomwe silikanalimbana ndi chisanu cha ku Mzuzu ngakhale pang'ono. Ndinamupempherera malo kwa bwana, analembedwa pa K50,000 pamwezi, omwe anali malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma nthawi imeneyo.

Anali wachangu. Pasanathe miyezi iwiri ankadziwa kuyeza yisiti, mchere ndi shuga osayang'ana pa pepala. Kuntchito ankayesa kunditchula "akapitawo" ngati anzake, koma akatanganidwa pakamwa pankatuluka "amalume", ndipo anzake ankamuseka.

Kabokosi kamene kanapsa

Kuti mumvetse za usikuwo, ndiyenera kukulongosolerani za mikisa, makina okandira mtanda wa buledi. Ndi chimbale chachikulu chachitsulo chimene chimazungulira, ndipo m'kati mwake muli chitsulo chopotana ngati nyanga ya ngoma, nachonso chimazungulira pachokha. Pambali pa chitsulocho pamaima ndodo yachitsulo yosasuntha imene imadula mtanda. Makinawa amakanda thumba lathunthu la fulawa la makilogalamu 50 m'mphindi zochepa, osatopa ndi pang'ono pomwe. Kwa iwo fupa la munthu ndi lofewa kuposa mtanda wouma.

Opanga makinawa si opusa. Pamwamba pa mbale amaikapo chivindikiro cha mawaya chokhala ndi kaswichi, kotero kuti ukachitukula mota imaima. Kutsogolo amaikako mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, ndipo kuseri kwa mabataniwo kuli kabokosi kamene amagetsi amati kontakita. Ntchito yake ine ndinaidziwa mochedwa. Ukadina batani lobiriwira, kontakita imagwira ndipo imagwirabe malinga ngati moto ulipo. Magetsi akathima imataya. Akabweranso, makina sadzuka okha mpaka munthu adinenso lobiriwira ndi chala chake.

Mukukumbukira mmene 2022 inalili. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kenako nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa tirigu, ndipo mu Meyi Kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Pa bekale thumba lililonse la fulawa linkawerengedwa ngati mwana. Ndi m'nyengo imeneyi pamene kontakita yathu inapsa, chifukwa cha moto wobwera mofooka, kuthima, kubweranso.

Wamagetsi atabwera anati yatsopano iyenera kuitanitsidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo anatchula mtengo umene bwana anaumva ndi nkhope yokwinya. Kenako anapereka njira yachidule: alumikize mota mwachindunji ku swichi yaikulu ya pakhoma, tizikayatsira ndi kuzimitsira komweko mpaka kontakita idzafike. Ine ndinalipo. Ndinamugwirira tochi. Anandiuza momveka kuti mabatani aja ndi kaswichi ka chivindikiro zafa tsopano, ndipo ndinangogwedeza mutu chifukwa m'maganizo mwanga munali ma oda a m'mawa. Chivindikirocho, poti sichinkagwiranso ntchito koma kumangotichedwetsa pothira madzi, tinachimasula n'kuchitsamiritsa kuseri kwa matumba. "Kwa masiku ochepa" kunasanduka miyezi itatu.

Mmodzi mwa anzathu, bambo wachikulire wa ku Ekwendeni amene ankasamala uvuni, anandichenjezapo kamodzi. Yankho langa ndimalikumbukira liwu ndi liwu: "Adada, makinawa zaka zonsezi sanalumepo munthu."

Cha m'ma 2 koloko usiku

Unali mwezi wa Juni, kunja kukugwa kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu kolowa mpaka m'mafupa. Tinali titakanda kale maulendo awiri. Ulendo wachitatu uli pakati, magetsi anathima. Mikisa inalira motsika n'kuima.

Mtanda sudikira munthu. Yisiti ikalowa yayamba ntchito, ndipo ukausiya nthawi yaitali umafufuma mopyola, umawawasa, buledi wake amatuluka wophwanyika. Uvuni wathu unali wa nkhuni, choncho mdima sunkatiletsa kuphika. Chizolowezi chathu chinali kutapa mtanda m'mbale, kuumalizitsa ndi manja pa tebulo. Tinali titachita zimenezi kambirimbiri chaka chimenecho.

Ndinati, "Iwe, tapa mtandawo msanga, tiukandire pa tebulo."

Iye anati, "Chabwino amalume." Analuma foni pakamwa kuti tochi iunikire m'mbale, anapinda malaya, nawerama.

Palibe amene anapita kukhoma kukatsitsa swichi. Magetsi athima, uzimitsanso chiyani? Umu ndi mmene mutu wa munthu umaganizira, ndipo wanga unaganiza chimodzimodzi. Ine ndinatembenuka kukawaza fulawa pa tebulo.

Kuseri kwa mpanda wathu kuli nyumba zogona anthu, ndipo panyumba ina panali maliro, anthu akuchezera. Chimene ndinayamba kumva ndi ana ndi anyamata a pamaliropo: "Ayaka!" Mababu athu anaphethira. Kenako mota. Kenako mawu amene sindinamvepo akutuluka mwa munthu.

Ndinalumphira pa makina n'kudina batani lofiira. Ndinalidina kachiwiri, kachitatu, ndi chibakera. Zaka zonse dzanja langa linaphunzira kuti lofiira ndilo limaimitsa, ndipo pa nthawi imeneyo linaiwala kuti ine ndemwe ndinagwira tochi pamene batanilo linkaphedwa. Anali bambo a ku uvuni aja amene anathamangira kukhoma, kudumpha matumba, n'kutsitsa swichi. Kuchokera pa mikisa kufika pakhomapo ndi mapazi asanu ndi awiri. Ndinadzawawerenga pambuyo pake, ndipo ndimawawerengabe m'tulo.

Dzanja lake lamanja linapanikizika pakati pa chitsulo chopotana ndi ndodo ija. Tinachita kupotoza chitsulocho ndi manja mobwerera m'mbuyo kuti timutulutse. Bokosi la chithandizo choyamba linali mu ofesi, ofesi inali yokiya, kiyi ali kunyumba kwa bwana. Tinamanga bala ndi epuloni yoyera, bambo aja akufinya mwamphamvu ndi kumukweza mkono m'mwamba. Dalaivala wa galimoto yogawa buledi ankagona m'galimoto momwemo kudikira 4 koloko, ndiye amene anatithamangitsira ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Njira yonse mnyamatayo sanalire. Ankangobwereza kuti, "Amalume, musawauze amayi. Musawauze kaye."

Anamwino anatilandira msanga. Mmodzi anandifunsa ngati tabweretsa zidutswa za zala, nandiuza kuti zikadukiratu zimakulungidwa m'kansalu koyera konyowa, kuikidwa m'pulasitiki womanga bwino, pulasitikiyo n'kuikidwa m'madzi ozizira, osati kugunditsa chala pa ayisi. Ndinalibe choyankha. Zinali zitatsala mu mtanda. Adokotala anadzanena m'mawa kuti mmene zinaphwanyikira, ngakhale tikanabwera nazo sakanazilumikiza. Anataya zala zitatu, chamkombaphala ndi ziwiri zotsatira, ndipo mkono unathyoka pafupi ndi pamene timavala wotchi.

Pepala

Bwana sanali chilombo, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Anabwera kuchipatala m'mawa womwewo ndi Sobo, shuga ndi bulangeti, maso ali ofiira. Koma masana atandiitanira mu ofesi, funso lake loyamba linali la mtanda: tataya wochuluka bwanji, ndipo mbale yatsukidwa ndi mankhwala? Za mbale sindimutsutsa, anthu amadya buledi ameneyo. Chimene chinandikhudza pambuyo pake n'chakuti pa ukhondo tinali akatswiri. Tinkavala tizisoti tophimba tsitsi, zikhadabo zinkayenderedwa Lolemba lililonse, ndipo tikamva kuti a Malawi Bureau of Standards ali m'tauni tinkakolopa mpaka kudenga. Tsitsi limodzi mu buledi linali mlandu wodulitsa malipiro. Makina opanda chivindikiro anakhala pakati pa chipinda miyezi itatu popanda wowaona ngati mlandu.

Kenako anatulutsa pepala. "Akapitawo, lembani lipoti. Mulembe kuti mnyamatayu anapisa dzanja m'makina mosasamala, popanda kuuzidwa. Za mawaya zija musazitchule, zingatipweteke tonse, inu ndi ine. Ine mwanayu ndimuthandiza, osadandaula."

Mawu akuti "inu ndi ine" ndiwo anandigwira pakhosi. Ndinali ndi ana atatu pasukulu ndi lendi ya nyumba. Ndinalemba monga ananenera, ndinasainira. Anandipatsa envelopu ya malipiro a miyezi itatu kuti ndikapereke kwa wodwala, ndi kope la lipotilo kuti nayenso akadinde chala cha kumanzere.

Mlongo wanga anafika tsiku lachitatu. Anakwera ku Mponela m'mamawa, kudutsa Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, nafika madzulo mapazi atatupa. Anayang'ana bandeji nthawi yaitali osalankhula. Potuluka panja anandigwira mkono nati, "Achimwene, mwanayu ndinakupatsani ali ndi zala khumi." Ndinati pepani achemwali. Iye anati, "Pepani sapoletsa chilonda. Inu munali kuti?"

Funso limenelo ndikanatha kulizemba. Limene sindinathe ndi la mnyamata mwini wake. Nditamupatsa pepala lija analiwerenga pang'onopang'ono, atalitsamiritsa pa bondo, kenako anandiyang'ana.

"Amalume, apa mwalemba kuti popanda kuuzidwa?"

Sanakweze mawu. Sanandinene kuti ndine wabodza, mwana woleredwa bwino sangatero kwa malume ake. Anangofunsa, natambasula dzanja lamanzere kuti adinde, poti amalume abweretsa pepala ndiye kuti ndi loyenera. Ndinalilanda pepalalo n'kulipinda m'thumba.

Ku Leba

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Sabata yotsatira ndinapita ku ofesi ya za ntchito, imene tonse timangoti ku Leba, ndipo ndinalemba lipoti lina. Ndinalembamo za kontakita, za chivindikiro kuseri kwa matumba, za tochi imene ndinagwira, ndi mawu anga enieni akuti "tapa mtandawo msanga".

Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba zinthu zimene kapitawo wa zaka 6 amayenera kuzidziwa kalekale. Dziko lino lili ndi lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa malo a ntchito, ndipo limanena kuti mbali zoopsa za makina zizikhala zotchingidwa, komanso kuti ngozi yaikulu izinenedwa ku boma. Lilinso ndi lamulo la 2000 la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, limene limaika udindo wolipira pa olemba ntchito munthu akavulala ali pa ntchito yake. Envelopu ya chifundo si imene lamulolo likunena. Pali kawerengedwe kake: munthu amene walumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito amayenera malipiro a miyezi 54, ndipo amene wataya chiwalo amalandira gawo la ndalama imeneyo molingana ndi mmene adokotala ayezera kulumala kwake.

Tachulukitsani nokha. K50,000 kuchulukitsa ka 54 ndi K2,700,000, ndipo imeneyo ndi ya munthu amene moyo wake wonse wa ntchito wathera pomwepo. Zala zitatu ndi gawo chabe la pamenepo. Mnyamata wa zaka 20 amene ankalota zokaphunzira ukalipentala ku Mzuzu Technical College anayezedwa pa sikelo imeneyi. Sindikunyoza lamulo, popanda ilo akanangotsala ndi envelopu ija. Ndikungonena kuti wolandira zochepa, chala chakenso chimawerengedwa motsika.

Bwana atamva kuti ndapita ku Leba sanandichotse ntchito. Anangosiya kundipatsa moni, ndipo patapita miyezi ingapo ndinachoka ndekha. Ndalama zinatuluka mwapang'onopang'ono, gawo lomaliza linafika Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kontakita yatsopano, imene inkaoneka yodula ija, inafika pasanathe sabata chichitikireni ngoziyo.

Mundilole ndipatuke pang'ono. Chimene chimandipweteka pa nkhani za ngozi za pantchito ndi liwu lakuti "kusasamala". Likangolembedwa, nkhani yatha, aliyense wasamba m'manja. Koma munthu amene wagwira ntchito kuyambira 6 koloko madzulo, ali mu mdima, foni ili pakamwa, kapitawo akumufulumiza, tsiku lina adzalakwitsa basi, ngakhale akhale wochenjera chotani. Chivindikiro ndi kontakita anaziikirapo tsiku limenelo. Ife tinazichotsa, kenako tinafuna kulemba kuti wolakwa ndi amene anali ndi dzanja m'mbale.

Loko wa pa msika

Pano ndili pa bekale ina yaing'ono. Tsiku loyamba ndinapempha mwini wake kuti tiyese chinthu chimodzi: tiyatse mikisa, titsitse swichi yaikulu, kenako tiikwezenso. Makina akadzuka okha ndiye kuti pali vuto. Sanadzuke, ndipo ndinavomera ntchito. Ndinatukulanso chivindikiro ali m'kati mozungulira kuti ndione ngati aima.

Ndinagula loko wamba mu msika waukulu, wonga wa pa chitseko cha bafa. Aliyense wofuna kupisa dzanja mu mikisa, kaya kutapa mtanda, kaya kutsuka, amayamba watsitsa swichi ya pakhoma, kukiya ndi lokoyo, kiyi n'kuika m'thumba lake iye mwini. Osati m'thumba la kapitawo, osati pa msomali. Akatero amadina batani lobiriwira kuti atsimikize kuti makina afadi. Magetsi akathima, ntchito yoyamba ndi kutsitsa maswichi onse, tochi pambuyo. Poyamba anyamata ankati akuluwa ali ndi mantha ngati nkhuku. Ndinawauza nkhani yonse, ndi mbali yanga yomwe, ndipo sanasekenso.

Zina n'zazing'ono. Pa makina opyapyalitsa mtanda, aja a zitsulo ziwiri zogudubuzika, sitilola magolovesi, chifukwa chitsulo chikagwira nsonga ya golovesi chimakoka ndi dzanja lomwe. Anthu ambiri amadabwa, amaganiza kuti golovesi ndi chitetezo paliponse. Mphete, wotchi, malaya a manja olendewera ndi zingwe za epuloni zomangira kutsogolo, zonsezi zimatsala pa chitseko. Pa makina odula buledi, buledi womaliza timamukankha ndi kathabwa. Bokosi la mabandeji lili pakhoma pafupi ndi sinki, lopanda kiyi.

Chovuta kwenikweni ndi pakamwa panga. Liwu lakuti "msanga" limabwerabe lokha oda ikachedwa, ndipo ndimachita kulimeza.

Mwana wa mlongo wanga sanabwerere ku Dowa. Ndi ndalama zija anatsegula kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba pafupi ndi depoti. Anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndalama amawerenga ndi chala chachikulu ndi chaching'ono mofulumira kuposa ine. M'nyengo yozizira zitsa za zala zimamuwawa, amati nthawi zina chamkombaphala chimamuyabwa pamene palibe chala. Makasitomala akamufunsa amangoti "ngozi ya pantchito". Ine ndi iye sitinakambepo za pepala loyamba lija. Lidakali m'Baibulo langa, lopindidwa kanayi. Mlongo wanga amandiyankhula, koma mwana wake wachiwiri atamaliza sukulu chaka chatha anamutumiza kwa achibale a bambo ake ku Lilongwe.

Ku chigayo

Loweruka lapitali mayi a kunyumba anadwala mutu, ndiye ndinanyamula ndekha chimanga pa sakaramento, njinga ya kabaza ya kuno ku Mzuzu, kupita ku chigayo ku Zolozolo. Lamba wochokera ku mota kupita ku chigayo anali pamtunda, wopanda chotchinga, akuthamanga mpaka kuoneka ngati waima. Amayi ankadutsa pafupi naye ndi zitenje zawo, wina ali ndi mwana kumbuyo. Mnyamata wogayitsa ankakankhira chimanga kukhosi kwa chigayo ndi dzanja, kenako n'kuwerama kugwedeza thumba la ufa, malaya ake akupepheluka chapafupi ndi lamba.

Nditafika pa mzere ndinamukodola, ndinamuuza m'khutu chifukwa cha phokoso kuti lambayo amafunika chotchinga, ngakhale cha lata kapena cha waya wa khola la nkhuku, ndiponso kuti magetsi akathima azitsitsa swichi asanagwire chilichonse. Anandiyang'ana nkhope yonse ili mbuu ndi ufa, namwetulira mwaulemu.

"Bambo, musadandaule. Chigayochi zaka zonsezi sichinalumepo munthu."

Anandithandiza kusenza thumba mpaka panja. Ndinalipira, ndipo ndinamufunsa kuti mwini chigayo amabwera tsiku liti. Anati Lachitatu.